Dzina la Mlongo Wanga

Chaka sindichikumbuka, ndipo ndikatchula chaka ndinama. Chimene ndikumbuka n'chakuti masiku amenewo ndinali ndi mapazi abwino, ndipo mapaziwo ndiwo anandipezera ntchito kwa a Yotamu Kalimanjira, mkulu amene analemba mabuku ochuluka moti ena mwa iwo ankawaiwala kuti ndi ake. Ena anali a mbiri yakale: a nkhondo za mikondo, a anthu osenza minyanga ya njovu, a chaka cha dzombe, a amuna amene anayala njanji n'kusiya mafupa awo m'mbali mwake. Ena anali a mizukwa, ndipo amenewa ndiwo anthu ankawalimbirana. Unkawapeza m'thumba la kondakitala, m'kabati ya namwino, ngakhale m'manja mwa mkulu wa mpingo yemwe Lamulungu lililonse ankalalikira kuti mizukwa kulibe.

A Kalimanjira ankalembera pakhonde, pa tebulo limene mwendo wake umodzi unkaponda pa njerwa. Ankayamba dzuwa likutuluka, n'kuleka mthunzi wa mtengo wa mango ukafika pamapazi awo. Lamulo lawo linali limodzi lokha.

"Nkhani ndimapeka," ankatero, "koma dzina sindipeka. Dzina lopeka silikhazikika papepala. Undibweretsere dzina limene linaitanidwapo, mwini wake n'kuyankha, kenaka n'kuikidwa m'manda."

Ntchito yanga inali imeneyo. Ndinkayenda m'midzi kufunafuna adzukulu, anthu okumba manda aja, pakuti iwo ndiwo amadziwa amene anagona pamalo pati. Ndikawapeza ndinkawapatsa fodya n'kukhala nawo pansi. Iwo ankandiuza dzina la munthu amene anamwalira kalekale, wopanda m'bale wotsala, pamodzi ndi kanthu kamodzi ka munthuyo: mwina kuti ankaseka ngati akutsokomola, mwina kuti sankadya therere. Ine ndinkasunga dzinalo ndi kanthuko m'mutu mpaka pakhonde paja. Pakatha miyezi iwiri munthuyo ankatuluka m'buku ali mtsogoleri wa nkhondo kapena mzukwa wa pamlatho, ndipo panalibe wodandaula.

Tsiku lina anandituma kutsidya kwa mtsinje wina. Ndinapeza mtsinjewo utasefukira, mlatho wa mitengo utapita ndi madzi. Ndinadikira masiku atatu, madzi osaphwa. Chiyambireni ntchitoyo ndinali ndisanabwererepo chimanjamanja, ndipo ndinkadzitama nazo kuposa mmene zinayenerera. M'njira ndinayesa kupeka dzina, koma lililonse limene ndinapeka ndinkadziwa kuti mkuluyo alinunkhiza. Nditafika pakhonde n'kufunsidwa, pakamwa panga panatuluka dzina limene linali pafupi.

"Lufina," ndinatero.

"Kanthu kake?"

"Ankatsimphina mwendo wamanzere. Ankatunga madzi masana, dzuwa lili paliwombo, kuchitsime kulibe munthu."

"Chifukwa chiyani masana?"

"Adzukulu sananene."

"Zili bwino," anatero a Kalimanjira, akusongola pensulo. "Chifukwa ndichipeza ndekha. Mudzi wake?"

Ndinatchula mudzi wathu.

Lufina anali mlongo wanga, wamkulu kwa ine, ndipo tsiku limenelo anali moyo, mwina akusenda nandolo pakhomo pa amayi. Chifukwa chimene ankatungira madzi masana ndinkachidziwa bwino. M'mawa kuchitsime kumakhala mzere ndi maso ambiri, ndipo iye sankafuna kuti anzake azimudikira kapena kumumvera chisoni akamakwera chitunda ndi chidebe pamutu.

Ndinadzitonthoza kuti mabuku a mkuluyo ndi ambiri, ili lingomira pakati pa anzake. Silinamire. Analitcha Wotunga Madzi Masana. Munali mkazi amene anagwera m'chitsime, yemwe amabwerabe masana ndi chidebe chake, ndipo aliyense wolandira chikho cha madzi m'manja mwake saona mvula yotsatira. Ndinaliwerenga ndili chiimire. Mkuluyo anali asanamuonepo Lufina, koma anamulemba ngati anakulira naye nyumba imodzi.

Nditapita kwathu ndinapeza amayi ali okha.

"A pamudzi pano akudziwa kuti ndi wamoyo," anandiuza. "Anabadwira m'manja mwawo. Koma a midzi ina anayamba kubwera masana, kumaima patali, kumamuloza. Kenaka mwana wa kuseri uku anamwa madzi pakhomo pano n'kudwala malungo. Basi, a pano omwe anayamba kunena kuti chinthu sichingalembedwe m'buku popanda pochokera. Mwamuna amene anamufunsira ukwati anabweza mawu. Chitsime anthu anachisiya. Tsiku lina watenga chidebe, mpaka lero."

Anandiyang'ana. Ankadziwa kumene ndinkagwira ntchito.

"Ndani anapereka dzina la mwana wanga kwa munthu ameneyo?"

"Sindikudziwa, amayi," ndinayankha. Bodza lachiwirili linatuluka mosavuta kuposa loyamba lija.

Kwa a Kalimanjira ndinaulula zonse. Anaika pensulo pansi, chinthu chimene ndinali ndisanachionepo dzuwa lisanapendeke.

"Wandilembetsa munthu wamoyo," anatero.

"Lembani kuti zinali zabodza, bambo."

"Zonse zimene ndimalemba n'zabodza, ndipo anthu amadziwa, koma amazikhulupirirabe. Ndikangolemba kuti ali moyo, adzati mzukwa wabweranso m'buku lachiwiri. Ubwere naye. Adzakhale apa, adye chimanga chootcha ine ndikuona, odutsa pamsewu akuona. Pamenepo ndidzalemba buku la mkazi amene ananamiziridwa imfa, ndipo dzina lako lidzakhalamo. Koma ufulumire. Dzanja ili layamba kundikanika."

Ndinanyamuka tsiku lomwelo. Sindinkadziwa kuti ndikuyamba ulendo wa zaka.

Malo oyamba amene ndikuwakumbuka ndi tauni ya fumbi lofiira, ya msewu umodzi, kumene mphepo inkazungulira pamsika ngati yasochera. Kumeneko ndinakhala ndi a Sumaili, okhoma zidebe. Anandiphunzitsa kudula lata molunjika, kupinda mlomo wa chidebe pa chitsulo cha njanji, ndi kumata phula pamsoko kuti pasadonthe. Ndinadzicheka zala zonse. Ndinasankha ntchitoyo dala, poganiza kuti mkazi woyenda ndi chidebe tsiku lina adzafuna wochikonza. Patapita nthawi ndinalimba mtima n'kufunsa.

"Wotsimphina?" anatero a Sumaili, osaleka kukhoma. "Anabwera. Anakhala pomwe mwakhala inupo. Chidebe chake chinkadontha pansi. Ndili mkati mokonza, wometa wa apa anayamba kuwerengera makasitomala ake buku lija la mayi wa kuchitsime, mokweza, mpaka kusintha mawu kuti aziopa bwino. Mayiyo anamvetsera pang'ono, n'kuimirira. Ndinati, 'Mayi, chidebe chanu.' Sanacheuke."

Anandilozera kudenga. Chidebecho chinali chitapachikidwa pa msomali, ndipo ndinachizindikira ndi waya amene ine mwini ndinamangira chogwirira chake. Ndinachitsitsa, n'kumaliza kuchikonza, n'kuchibwezera pomwepo. Wometa uja anali akuwerengabe buku lomwelo kwa anthu ena. Ndinachoka mawa lake, kulowera kumene a Sumaili anati mayiyo analowera.

Kenaka ndinapezeka pa esiteti ya fodya. Mmene ndinafikira sindikumbuka, ndingokumbuka shedi yaitali ndi fungo lokhala pakhosi. Ndinaphunzira kusankha masamba, ofiirira paokha, othothoka paokha, n'kuwamanga m'mitolo. Panthawi yopuma amuna ankapichira fodya wa chingambwe m'mapepala a mabuku a a Kalimanjira, ati pepala lake n'lopyapyala, limayaka mosathamanga. Nkhondo zonse zakale zija zinkathera mu utsi pamenepo. Tsiku lina mnzanga wina anandipatsa ndudu yake kuti ndikokeko, ndipo pafupi ndi moto ndinaona zilembo zitatu zomalizira za dzina la mlongo wanga. Ndinamubwezera osakoka.

Pamenepo ndinaganiza nzeru imene ndinkaiyesa yakuya. Ndinayamba kusinthanitsa ndiwo zanga ndi buku limenelo, kwa aliyense amene anali nalo, n'kumakaliponya m'ng'anjo yochizira fodya. Ndinaonda, koma ndinalitha lonse pa esitetipo. Sabata yotsatira lole yobweretsa mchere ndi sopo inabweretsanso mtolo wa mabuku, ndipo pamwamba penipeni panali lomwelo, lachikuto chatsopano, chojambulidwa mkazi wa maso oyera. Anthu anati likuyenda malonda chifukwa pali wina akulisowetsa.

Mayi wina wophikira antchito anandiitanira pambali.

"Amene mukumufunayo anaphika nane pano mwezi umodzi," anatero. "Dzina sananene. Ankagwira ntchito ngati anthu awiri. Koma kapitawo anamuona akutsika kudambo masana, n'kuyamba nthabwala. Tsiku lotsatira palibe amene analandira mbale m'manja mwake. Nanenso, ndisakunamizeni, madzi ake sindinamwe."

"Munkakhulupirira kuti ndi mzukwa?"

"Ayi. Koma ndili ndi ana."

Ndinayenda. Midzi inayamba kufanana. Paliponse panali chitsime kapena mjigo, mtengo umodzi waukulu, ndi munthu mmodzi wonena kuti wotsimphina anadutsa mwezi watha. Nthawi zonse unali mwezi watha. Dzuwa likafika paliwombo, kulikonse kumene ndili ndinkasiya chimene ndikuchita n'kupita kukaima pafupi ndi madzi. Sindinkapezako munthu. M'madera ena akazi anali atalekeratu kutunga masana, ndipo ukawafunsa ankati ndi mwambo wa makolo.

Nyengo ina ndinakhala pa sukulu ya m'phiri, ndikuthandiza kalipentala kukonza madesiki ndi mafelemu a mawindo. Anandiphunzitsa kupala thabwa motsata mitsempha yake. M'mawa wina ndinali kunja kwa kalasi ndikukhomera felemu, pamene ndinamva aphunzitsi akufunsa funso. Buku lija linali litalowa pa mabuku a mayeso.

"N'chifukwa chiyani Lufina ankatunga madzi masana?"

Ine nyundo ili m'manja, ndinayankha ndisanaganize.

"Sankafuna kuti anzake azimudikira pachitunda. Ankachita manyazi ndi mwendo wake."

Ophunzira anaseka. Aphunzitsi anabwera pawindo, munthu waulemu, choko chili m'tsitsi.

"Mwayesa, bambo, koma yankho limenelo m'buku mulibe. Akalemba zimenezo pamayeso alephera." Anatembenukira kwa ophunzira. "Lembani. Masana mthunzi wa munthu aliyense umabisala pansi pa mapazi ake. Choncho masana okha ndi pamene Lufina akanayenda popanda anthu kuzindikira kuti iye mthunzi alibe."

Mapensulo makumi asanu analemba. Ndinaima pamenepo ndikumva nsanje ndi mantha pamodzi, pakuti yankho la a Kalimanjira linali lokoma kuposa langa, ndipo ndinadziwa kuti ndi limene lidzatsale.

Kuchokera tsiku limenelo china chinayamba kundichitikira chimene sindinauzepo munthu. Ndikafuna kukumbuka nkhope ya mlongo wanga, inkabwera ya pachikuto ija, ya maso oyera. Ndikafuna kukumbuka mawu ake, ankabwera mawu a wometa uja. Ndinayamba kudzifunsa ngati sanagweredi m'chitsime tili ana, ine n'kuiwala. Mwina adzukulu anandiuzadi dzinalo. Mwina mtsinje uja ndinawoloka. Maganizo amenewa ankandipepuza, ndipo kupepukidwako ndiko kunkandiopsa koposa zonse. Ndinkadzitsina pamkono n'kumanena mokweza zinthu zimene m'buku mulibe: kuti ankadana ndi mapapaya, kuti anandimenyapo ndi chipande chifukwa chomubera mtedza, kuti poyetsemula ankayetsemula katatu.

Ndinatsikira kuchigwa chotentha, kumene kunali mtsinje waukulu wopanda mlatho. Mwini bwato ananditenga kuti ndizimuthandiza. Anandiphunzitsa kukankha ndi nsungwi pamadzi osaya, kupalasa pamadzi akuya, ndi kukhazika anthu kuti bwato lisapendeke. Anali munthu wosakonda kulankhula, ndipo ndinatha naye nyengo yonse ya dzinja ndisanamufunse.

"Ndinamuwolotsa," anatero. "Anthu ena anakana kukwera naye, ndiye ndinamutenga yekha."

"Munaona chachilendo?"

"Bwato linalemera monga limalemerera ndi munthu. Pakati pa mtsinje anasanza. Mzukwa susanza, achimwene. Ndinatsuka ndekha bwatolo."

Ndinafuna kumugwira mapazi munthu ameneyo. Ndinaseka mpaka misozi, iye akundiyang'ana ngati ndapenga.

Chisangalalocho sichinathe sabata. Tsiku lina tinanyamula bambo wina wa njinga amene anali ndi wailesi pakhosi. Tili pakati pa madzi, wailesiyo inalengeza kuti a Yotamu Kalimanjira amwalira. Wolengezayo anayamba kutchula mabuku awo limodzilimodzi. Tinafika tsidya lina asanamalize. Bamboyo anakhala pamchenga kuti amve onse, ife tinabwerera ndi anthu ena, tinabweranso, ndipo tinamupeza wolengezayo akadali pa mabuku a nkhondo. Atafika pa a mizukwa, anthu onse padoko anayamba kuvomereza lililonse ngati akumva mayina a abale awo. Buku la mkazi wonamiziridwa imfa panalibe, ndipo tsopano panalibenso woti alilembe. Nsungwi inandipulumuka m'manja n'kupita ndi madzi.

Kumaliro sindinapite. Ndinalunjika kwathu, pakuti ndinalibenso kwina. Ndinapeza amayi atafupika, akuyenda ndi ndodo. Pamphasa pambali pawo panali khanda lonenepa, la mwana wa amayi aang'ono, likuyamwa chibakera chake. Amayi analinyamula n'kundipatsa.

"Mulandire malume ako, Lufina," anatero.

Ndinatsala pang'ono kuligwetsa. Kwathu dzina la munthu silipatsidwa kwa khanda mwini wake akadali moyo. Timalidzutsa akapita.

"Amayi, mwachita chiyani? Ali moyo. Ndakumana ndi munthu amene anamuwolotsa."

"Liti?"

Ndinayamba kuwerenga miyezi pa zala, koma inandisokonekera.

"Tinadikira," anatero amayi. "Iwe sunabwere, iye sanabwere. Dzina silingagone panja zaka zonsezi ngati mbuzi yosokera. Ine ndatsala pang'ono, ndinafuna ndiliitaneko pakhomo pano wina n'kucheuka."

Khandalo linandigwira chala. Pamenepo ndinanena zimene ndinalephera kunena kale.

"Ndine ndinapereka dzinalo, amayi."

Amayi anakonza chitenje chawo pamapewa.

"Mawu amenewo ine ndilibe powaika. Ukauze mwini wake. Wogulitsa mphasa wina anati kuseri kwa mapiri awo, pamalo pamene pali chigayo, anaonako mayi wotsimphina. Sindinafune kumva, poti ndatopa ndi kumva. Iwe pita."

Ndinayenda masiku amene sindinawawerenge. Mapazi anga abwino aja anali atatha, ndipo pofika kuseri kwa mapiriwo nanenso ndinkakoka mwendo. Malowo anali ngati ena onse: magolosale atatu, mtengo waukulu, chigayo chikulira. Unali m'mawa. Pamjigo panali mzere wa akazi, akukangana za amene anafika poyamba, ndipo pakati pa mzerewo, osati kumapeto, panaima iye. Anali atanenepa pang'ono, imvi zitayamba m'mbali. Maso ake anali akuda, wamba, a kwathu. Ankaseka ndi mnzake. Atasenza ndowa, mnzakeyo anayenda naye pang'onopang'ono, nkhani ili mkati, ndipo sanaoneke ngati akumudikira.

Ndinawatsatira chapatali. Mnzake uja atapatuka anati, "Tionana, mayi a Tiyese." Pamenepo ndinamvetsa mmene anapulumukira. Mkazi akabereka amaitanidwa ndi dzina la mwana wake, ndipo lake limapuma. Kuno panalibe amene ankalidziwa.

Anatula ndowa pakhomo pa nyumba ya njerwa zosawotcha, n'kutembenuka. Sanadzidzimuke.

"Mwakalamba, achimwene," anatero.

"Achemwali."

"Khalani pamwalapo. M'nyumba simulowa."

Ndinakhala. Mawu amene ndinawakonza zaka zonse zija anathawa, n'kutsala ochepa.

"Ndine ndinapereka dzina lanu."

"Ndikudziwa. Ndinaliwerenga bukulo. Tsamba loyamba lomwe ndinati, awa ndi achimwene. Ena onse ankaona kuti ndimatsimphina, koma wosunga m'mutu kuti ndi mwendo uti ndinu, poti ndinu munkandichotsa minga." Anapukuta manja pachitenje. "Anakupatsani chiyani mkuluyo?"

"Palibe. Mtsinje unadzaza. Ndinachita manyazi kubwerera wopanda kanthu."



"Bola mukanati munandida," anatero. "Ndakhala ndikufufuza chimene ndinakulakwirani."

Chigayo chinaleka kulira. Ndinamuuza za lonjezo la a Kalimanjira, ndi kuti anamwalira. Ndinati ndikhoza kuyesa kulemba ndekha buku lonena zoona.

"Inu?" Anaseka pang'ono, kuseka kwake kwakale. "Kalata yomwe simunalembepo. Ndipo mukalemba, mudzanena kuti ndili kuno? Mukufuna ayambenso kuima patali masana? Ndili ndi mwamuna wosadziwa kuwerenga, ndimathokoza Mulungu tsiku lililonse. Ndili ndi ana awiri. Anthu amamwa madzi anga."

"Tiyeni mukaone amayi. Tsiku limodzi lokha."

Nkhope yake inafewa.

"Akadalipo?"

"Alipo, koma atopa." Ndikanatha kulekera pomwepo, koma mabodza awiri anali atandikwana. "Dzina lanu analidzutsa. Analipereka kwa khanda la kwa amayi aang'ono."

Anakhala pansi, pafumbi pomwepo, mwendo wamanzere atautambasula. Sanalire. Anatola kamtengo n'kumakathyolathyola.

"Ndiye anandiika," anatero.

"Anadikira nthawi yaitali."

"Sindikuwaimba mlandu. Ndikapita tsopano, pakhomo pakhala awiri, ndipo anthu adzati wakufa wabwera kudzatenga khanda. Likadzangotentha thupi adzaloza ine." Anataya timitengo tija. "Ndi kamkazi konenepa?"

"Konenepa."

"Miyendo yake?"

"Ili bwino. Sikanayambe kuyenda."

"Kadzayenda. Kadzapita kusukulu, ndipo bukulo kadzalipeza likukadikira, dzina lake lili momwemo, mudzi wake uli momwemo. Anzake adzakafunsa za mthunzi. Ine ndinali wamkulu, ndinadziwa kuthawa. Iko kadzathawira kuti?" Anaimirira movutikira, osalandira dzanja langa. "Mwayenda mokwanira, achimwene. Bwererani mukakhale pafupi nako. Tsiku limene adzayambe kukaseka, mukaime pamaso pa anthu, munene chimene munachita, ndi pakamwa panu. Mukanene kuchitsime, mukanene kusukulu, mukanene kutchalitchi. Akakusekani mukanenenso. Kwa ine mwachedwa."

"Amayi ndikawauze chiyani?"

"Muwauze kuti ndimadya, ndipo ndimatunga m'mawa."

"Nanga inu ndizikutchulani ndani?"

"Kuno musanditchule chilichonse."

Mnzake uja anatulukira kuseri kwa mpanda, atanyamula lichero. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi anga ong'ambika.

"Mayi a Tiyese, mwalandira alendo? Ndi a kuti?"

Ndinadikira. Mlongo wanga anatunga madzi m'ndowa ija ndi chikho, n'kundipatsa m'manja. Ndinamwa onse iye akundiyang'ana, ndipo dzanja lake polandira chikho linakhudza langa n'kukhalapo kanthawi.

"Ndi munthu wofunsa njira," anatero. "Ndamulozera kale."